RasGRP1 imalera maselo a T, yomweyonso imameretsa zotupa pakhungu: zikutheka bwanji?

mphunzi_wa_bio
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni mutu usanandizungulire. Ndikuwerengera mayeso a immunology, phunziro la chitetezo cha m'thupi, ndipo ndafika pa puloteni yotchedwa RasGRP1. Zimene ndinalemba m'kalasi zikuti mbewa zopanda puloteni imeneyi maselo ake a T, asilikali a m'thupi olimbana ndi matenda, sakhwima bwino mu thymus, kachiwalo ka m'chifuwa kamene amakuliramo, moti chitetezo chake chimakhala chofooka. Chabwino, ndiye kuti ndi puloteni yothandiza. Koma dzulo ndaona kafukufuku wina wa za khansa, akuti atachulukitsa RasGRP1 yomweyo m'khungu la mbewa, mbewazo zinamera zotupa. Nanga pamayeso munthu alembe chiyani? Ndi yoteteza kapena yowononga?

Kadzidzi77
Lembani zonse ziwiri amwene, mamalikisi asakuthaweni.

Gogo_Pipette
Mdzukulu, funso lako lapendekeka pang'ono. RasGRP1 sidziwa n'komwe kuti ili m'selo la T kapena m'selo la khungu. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuyatsa puloteni ina ya m'selo yotchedwa Ras. Ras ikagwira GDP imakhala yozima. RasGRP1 imaichititsa kutaya GDP n'kutola GTP, pamenepo yayaka. Ras yoyaka imayatsa RAF, RAF imayatsa MEK, MEK imayatsa ERK, ndipo ERK imalowa mu nyukiliyasi kukadzutsa majini amene anali chigonere.

Tsono chimene chimasiyana ndi selo lolandira uthengawo. Mu thymus, kaselo ka T kakang'ono kamayesedwa mayeso ovuta kuposa akowo. TCR yake, kachida ka pamwamba pa selo kozindikirira mapuloteni, ikakhudza puloteni ya thupi lomwelo, Lck ndi ZAP-70 zimayamba ntchito, LAT imasonkhanitsa anzake, kenako PLC-gamma imadula kamafuta kena ka m'chikuta cha selo kukhala zidutswa ziwiri, DAG ndi IP3. DAG ndi imene imakokera RasGRP1 pamalo a ntchito. Uthenga ukakhala wapakatikati, selo limapulumuka n'kukhwima. Ukapanda kufika, selo limafa chifukwa lilibe ntchito. Ukakhala wamphamvu kwambiri, limaphedwanso, chifukwa selo lotero lingadzaukire thupi lake lomwe. Maselo oposa 90 pa 100 aliwonse satuluka amoyo m'menemo. Mbewa yopanda RasGRP1 imalephera pa uthenga wapakatikati uja, n'chifukwa chake maselo okhwima amachepa.

M'khungu mulibe mayeso amenewo. Keratinocyte, selo la khungu, ikamva ERK ikulira osaleka, imamva kuti "gawikana, pali bala lofunika kutseka". Bala likakhala kuti palibe koma uthenga sukutha, ndiye chotupa chija. Zili ngati belu la kusukulu: kulira kwake n'kumodzi, koma wina akalimva amalowa m'kalasi, wina amatuluka.

mphunzi_wa_bio
Zikomo agogo. Koma belu limalira mofanana nthawi zonse. Inu mwati mphamvu ya uthenga ndi imene imaweruza. Selo limayeza bwanji kuti uwu ndi wapakatikati, uwu ndi wamphamvu?

Selo_T
Mwaphula pomwepo. Belu la agogo likuperewera apa. Selo limaona kukula kwa uthenga, kutalika kwake, ngakhalenso malo amene uthengawo ukuyakira. Ras ili ndi zoyatsira ziwiri zazikulu m'maselo a T, RasGRP1 ndi SOS. RasGRP1 imayatsa pang'onopang'ono, molingana ndi kuchuluka kwa DAG. SOS ndi yachilendo: Ras yoyaka kale imabwerera kudzaikoleza SOS, SOS n'kuyatsa Ras yambiri, ndiye malire ena akangodutsidwa zonse zimayaka kamodzi. Kotero selo limodzi limatha kukhala ndi uthenga wokwera mwapang'ono komanso uthenga wa "zonse kapena ayi".

Za kutalika, chitsanzo chakale ndi maselo a PC12 a khoswe. Mukawapatsa EGF, ERK imayaka kanthawi kochepa ndipo maselo amachulukana. Mukawapatsa NGF, ERK yomweyo imayaka maola ambiri ndipo maselo amasiya kuchulukana n'kuyamba kumera timiyendo ngati maselo a mitsempha. Chris Marshall analemba bwino za zimenezi mu 1995.

Palinso china chimene chimandiseketsa. Ife a immunology tikafuna kudzutsa maselo a T m'labu timathira PMA ndi ionomycin. Anzathu a khansa ya pakhungu akafuna kumeretsa zotupa pa mbewa amapaka DMBA kamodzi, imene imawononga jini ya Hras, kenako amapaka TPA mobwerezabwereza kwa milungu yambiri. PMA ndi TPA ndi mankhwala amodzimodzi, ochokera ku mafuta a mtengo wa croton. Amanamizira kukhala DAG. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti amangogwira puloteni ya PKC yokha, kenako kunapezeka kuti RasGRP1 nayo ili ndi malo ogwirapo DAG, ndiye nayonso imakodwa.

Chimphepo
Zonsezi ndi mbewa zokhazokha. Ndani amadzipaka TPA pamsana? Ndalama zikuthera pa mbewa pomwe anthu akufa ndi khansa yeniyeni.

mbewa_yoyera
Musatinyoze a Chimphepo, ife mbewa tavutikira inu.

Selo_T
A Chimphepo, pa mbali ya chitetezo si mbewa zokha. Mu 2016 anafotokoza za munthu wobadwa wopanda RASGRP1 yogwira ntchito. Ankadwaladwala matenda opatsirana ndipo anadzadwala khansa ya lymphoma yobwera ndi kachilombo ka EBV. Ena otere apezekanso pambuyo pake. Zimene zinaoneka mu mbewa mu 2000 zinadzaoneka mwa munthu.

Koma pa khungu muli ndi mfundo. Mukatsegula zotupa za khansa ya pakhungu za anthu n'kuwerenga DNA, mayina a majini otuluka kawirikawiri ndi ena: PTCH1 mu basal cell carcinoma, TP53 ndi NOTCH1 mu squamous cell carcinoma, BRAF ndi NRAS mu melanoma. Ndipo chowononga chachikulu ndi cheza cha dzuwa cha UV, osati TPA.

Chimphepo
Ndiye mwavomereza.

Selo_T
Theka lokha.

Gogo_Pipette
Popeza mwatchula NOTCH1, mdzukulu uja aigwiritsitse, chifukwa ndi chitsanzo chomveka kuposa RasGRP1. Selo lochokera m'mafuta a m'mafupa likafika mu thymus silinadziwe chimene lidzakhale. Notch1 ndi imene imaliuza kuti likhale la T. Mu 1999 atachotsa Notch1 mu mbewa, mu thymus munayamba kumera maselo a B, malo amene sayenera kupezekamo ochuluka. Tsono Notch1 yomweyo ikakakamira osazima, mwana amadwala khansa ya m'magazi yotchedwa T-ALL. Mu 2004 anapeza kuti oposa theka la odwala T-ALL ali ndi NOTCH1 yosinthika motero.

Pita kukhungu, zinthu zatembenuka. Kumeneko Notch1 imauza keratinocyte kuti "basi kugawikana, kwera pamwamba ukakhwime". Ikasowa, maselo samva zoleka. Mu 2003 mbewa zochotsedwa Notch1 pakhungu zinamera zotupa. M'magazi vuto ndi Notch yochuluka, pakhungu vuto ndi Notch yosowa.

A Chimphepo amene safuna mbewa amve izi. Kuti Notch igwire ntchito imafunika kudulidwa ndi enzyme yotchedwa gamma-secretase. Enzyme yomweyo imadulanso puloteni imene imatulutsa amyloid ya matenda a Alzheimer. Kampani ya Eli Lilly inayesa mankhwala otchedwa semagacestat oletsa enzyme imeneyi pa odwala Alzheimer. Kuyesako kunaimitsidwa mu 2010. Odwala sanapeze bwino, ndipo amene ankamwa mankhwalawo anadwala khansa ya pakhungu kuposa amene ankamwa mapiritsi opanda kanthu. Mbewa zinali zitanena kale.

Kadzidzi77
Eee, agogo akwiya lero.

NamwinoWaUsiku
Ine si wa labu, koma ndagwira ntchito ndi anthu oikidwa impso ya munthu wina. Amamwa tacrolimus kapena cyclosporine moyo wawo wonse kuti thupi lisakane impsoyo. Mankhwala amenewa amatseka enzyme ya calcineurin, ndiye uthenga wa calcium wochokera ku IP3 imene agogo anatchula sufika ku puloteni ya NFAT, maselo a T sadzuka. Impso imakhala bwino. Koma pakapita zaka, makamaka kwa a khungu loyera, kumanja, kumaso ndi kumakutu kumayamba timabala tokhakhala tosapola. Squamous cell carcinoma imawapeza kuwirikiza ka 65 kapena kuposa poyerekeza ndi anthu ena, ndipo imakhala yaukali. Bambo wina amene ndinkamusamalira ankabwera kudzachotsedwa kachotupa kena asanapole pamene anachotsa koyamba. Madokotala anamusinthira ku sirolimus, zinachepako. Ndiye kwa ine nkhani ndi yosavuta: asilikali a m'thupi akagona, khansa imadzuka.

Selo_T
Achemwali, zimene mwaonazo n'zoona, koma si kugona kwa asilikali kokha. Calcineurin ilinso m'maselo a khungu. Mu 2010 anaonetsa kuti mukaitseka mu keratinocyte, puloteni ya ATF3 imakwera ndipo p53, yoletsa maselo owonongeka kugawikana, imatsika, ndiye selo lowonongeka limene linayenera kukalamba n'kuima limapitiriza kugawikana. Mankhwalawo akumenya mbali ziwiri. Sirolimus nayo imafooketsa chitetezo, koma imadzera pa mTOR, ndipo imachepetsanso kukula kwa maselo a chotupa.

NamwinoWaUsiku
Mwina. Koma munthu wa HIV samwa tacrolimus, ndipo CD4 ikatsika Kaposi sarcoma imatulukira pakhungu. Pamenepo mukuti ndi keratinocyte?

Selo_T
Ayi, imeneyo ndi ina. Kaposi imabwera ndi kachilombo ka HHV-8 ndipo imachokera ku maselo a mitsempha ya magazi. Pamenepo mwapambana, ndi chitetezo chenicheni chimene chasowa.

Thonje_Lab
Pepani kulowerera. Popeza akatswiri a ERK mwasonkhana, western blot yanga (njira yoonera mapuloteni m'labu) ya phospho-ERK, ERK yoyaka ija, ikungotuluka mbuu, total ERK ikuoneka bwinobwino. Antibody ndi yatsopano. Chikundilodza n'chiyani?

mbewa_yoyera
Mumaika sampulo pa ayisi?

Gogo_Pipette
Palibe chokulodza. Phosphate imachoka msanga kuposa mmene ukuganizira. Ukangoswa maselo, ma phosphatase, ma enzyme ochotsa phosphate, amakhala pa ufulu. Gwira ntchito pa ayisi, lysis buffer ikhale ndi sodium orthovanadate ndi sodium fluoride, ndipo usazengereze. Potchinga membrane yesa BSA m'malo mwa mkaka, chifukwa casein ya mumkaka nayo ili ndi phosphate, komanso tsuka ndi TBS osati PBS. Ndipo ika sampulo imodzi yothira PMA kwa mphindi 10. Imeneyo ikapanda kuoneka, vuto ndi manja ako kapena antibody, osati maselo.

Thonje_Lab
Orthovanadate ija ndiye munalibe. Zikomo agogo.

Mlendo_pano
Ine sindimva zambiri mwa zimenezi, koma ngati chitetezo ndi chimene chimapha khansa, bwanji osangomwa zokweza chitetezo? Zilipo zambiri zogulitsa pa intaneti.

Kadzidzi77
Zayambika.

NamwinoWaUsiku
Musamuseke, funsoli odwala amafunsa tsiku lililonse. Achimwene, chitetezo si chinthu chongokweza. Chikakwera mosayenera chimadya mwini wake, ndiwo matenda ngati lupus. Mabotolo a pa intaneti amenewo palibe limene linaonetsedwa kuti limachiza melanoma, ndipo ena mwa iwo amasokoneza mankhwala enieni. St John's wort, mwachitsanzo, imatsitsa cyclosporine m'magazi, ndipo alipo amene thupi linakana chiwalo chifukwa cha zimenezo. Muli ndi bala losapola, pitani akalione.

Dr_Kachere
Ndabwera mochedwa. Tibwerere ku funso la mwana wasukulu, chifukwa nkhani ya BRAF palibe amene waikamba bwino.

Mu 2002 gulu la ku Sanger Institute ku England linalengeza kuti jini ya BRAF imakhala yosinthika mu melanoma zambiri. Lero tikudziwa kuti ndi pafupifupi theka. Kawirikawiri ndi malo amodzi okha, V600E: amino acid ya nambala 600 yasintha kuchoka pa valine kukhala glutamate, ndipo BRAF imangoyaka popanda kudikira Ras. Chaka chotsatira kunatuluka chodabwitsa. Timadontho takuda twa pakhungu timene anthufe tili nato, tosavulaza, pafupifupi 80 pa 100 tilinso ndi V600E yomweyo. Selo limagawikana pang'ono, kenako limaona kuti uthenga wanyanya, limaima n'kukalamba. Kadontho kamakhala choncho zaka makumi. Kuti kasanduke melanoma pamafunika majini ena oletsa kukula awonongeke, monga CDKN2A kapena PTEN.

Vemurafenib, mankhwala otseka BRAF yosinthika, anavomerezedwa ku America mu 2011. Zotupa zinkasungunuka m'milungu yochepa, madokotala ankadabwa. Koma kwa ambiri khansa inkabwerera pakatha miyezi 6 kapena 7. Ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu ankamera khansa ina pakhungu, squamous cell carcinoma kapena keratoacanthoma. Chifukwa chake ndi ichi. M'selo limene BRAF ili bwino koma Ras ndi yoyaka, mapuloteni a RAF amagwirana awiriawiri. Mankhwala akatseka imodzi, inzakeyo imakolezeka, ERK n'kukwera m'malo motsika. Pakhungu la munthu wamkulu wopsa ndi dzuwa pamakhala maselo okhala ndi HRAS yosinthika kale, ongodikira. N'chifukwa chake masiku ano timapereka ziwiri pamodzi, dabrafenib ndi trametinib, imodzi yotseka BRAF ina yotseka MEK. Kuphatikiza kumeneku kunavomerezedwa mu 2014, ndipo khansa zachiwiri zija zinachepa kwambiri.

Chimphepo
"Ongodikira" mukutanthauza kuti tonsefe tili ndi khansa pakhungu?

Dr_Kachere
Ayi. Tili ndi maselo osinthika, si khansa. Mu 2015 ofufuza anatenga khungu labwinobwino la zikope za anthu anayi achikulire amene anachitidwa opaleshoni yochotsa khungu lolendewera. Anapeza kuti pafupifupi selo limodzi mwa anayi linali ndi kusintha kwa jini kwa mtundu umene umapezeka mu khansa, NOTCH1 ndiye inali patsogolo. Khungulo linkagwira ntchito yake bwinobwino.

Chimphepo
Anthu anayi. Kafukufuku wa anthu anayi.

Dr_Kachere
Anthu anayi, tizidutswa ta khungu 234. Ndipo ena anabwereza pa ziwalo zina, monga kummero, n'kupeza zofanana.

mphunzi_wa_bio
A dokotala, nanga MEK ndi ERK zimene mukutsekazo si zomwe zija maselo a T amafuna? Simukupha asilikali pamodzi ndi mdani?

Selo_T
Mwanayu akhoza mayeso. Inde, m'mbale ya labu mankhwala otseka MEK amalepheretsa selo la T latsopano kudzuka. Koma mu mbewa zokhala ndi zotupa anaonanso kuti maselo a T amene afika kale m'chotupa amatha kukhalitsa MEK ikatsekedwa, chifukwa kukolezedwa kosalekeza kumawatopetsa n'kuwapha. Vemurafenib yokha siiwavuta kwenikweni, popeza BRAF yawo si yosinthika.

Dr_Kachere
Ndipo apa ndi pamene mbali ziwiri za funso lanu zimakumanirana. Selo la T lili ndi zoletsa zake. CTLA-4 imalanda B7 kuti CD28, imene imathandiza kudzutsa selo la T, isaigwire. PD-1, imene Tasuku Honjo anapeza mu 1992, ikakhudzidwa ndi PD-L1 imaitana phosphatase ya SHP2 kudzafufuta ma phosphate amene TCR ndi CD28 zinaika. James Allison anaonetsa mu 1996 kuti kutseka CTLA-4 kumachititsa mbewa kugonjetsa zotupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Ipilimumab, yotseka CTLA-4, inavomerezedwa mu 2011, pembrolizumab ndi nivolumab, zotseka PD-1, mu 2014, ndipo cemiplimab ya squamous cell carcinoma yofalikira mu 2018. Kale wodwala melanoma yofalikira ankakhala miyezi yosakwana chaka. Pa kafukufuku wa CheckMate 067, amene zotsatira zake za zaka 10 zinatuluka mu 2024, theka la olandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab anali akadali moyo patatha pafupifupi zaka 6.

Chifukwa chimodzi chimene khansa za pakhungu zimamvera mankhwalawa ndi dzuwa lomwe lija. UV imasiya zolakwika zambirimbiri mu DNA, ndiye chotupa chimakhala ndi mapuloteni achilendo ambiri oti selo la T lizindikire.

Nyenyezi_K
Zonsezi mukukamba za azungu. Ife a khungu lakuda melanoma yathu ndi ina, palibe akuitchula.

Dr_Kachere
Mwachita bwino kukumbutsa, mayi. Kwa a khungu lakuda melanoma ndi yosowa, koma ikabwera imakonda kuphazi, m'manja ndi pansi pa zikhadabo. Imatchedwa acral melanoma. Siyambitsidwa ndi dzuwa, BRAF V600E imapezeka mwa ochepa, mwina mmodzi mwa asanu kapena kucheperapo, ndipo zina zimakhala ndi KIT yosinthika. Popeza zolakwika za UV ndi zochepa, mankhwala a PD-1 sagwira bwino ngati mmene amagwirira pa melanoma ya dzuwa. Choipa china n'chakuti imapezeka mochedwa, munthu ankayesa ndi chilonda wamba cha kuphazi.

Nyenyezi_K
Ndiye mankhwala onse otchukawa anapangidwira ena. Ofufuza amatsata kumene kuli ndalama.

Selo_T
Sindikutsutsani kwambiri. Maselo ambiri a melanoma amene timagwiritsa ntchito m'malabu anachokera kwa azungu, ndipo m'mayesero akuluakulu odwala acral amakhala ochepa.

NamwinoWaUsiku
Musaiwalenso anzathu achialubino. Kwa iwo si melanoma kwenikweni, ndi squamous cell carcinoma, ndipo imayamba akadali achinyamata chifukwa melanin yotchinga UV palibe. Kumeneko chipewa, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi kuotcha timabala tisanakule zimapulumutsa anthu ambiri kuposa antibody iliyonse yodula.

Chimphepo
Apa pokha ndagwirizana ndi wina pagulu pano.

mphunzi_wa_bio
Funso lomaliza a dokotala. Wodwala ali ndi V600E, mankhwala onse awiri alipo. Mumayamba ndi ati?

Dr_Kachere
Funso limenelo linayesedwa. Pa kafukufuku wa DREAMseq, ena anayamba ndi nivolumab ndi ipilimumab, ena anayamba ndi dabrafenib ndi trametinib, ndipo khansa ikakula ankasinthana. Patatha zaka 2, amoyo anali 72 pa 100 mwa oyamba ndi achitetezo, ndi 52 pa 100 mwa oyamba ndi otseka BRAF. Ndiye ambiri timayamba ndi achitetezo. Koma munthu amene chotupa chikumuthamangitsa, woti sangadikire milungu kuti maselo a T adzuke, otseka BRAF amagwira msanga.

Achitetezowo nawo chotupa chimawazemba. Mu 2016 anapeza odwala amene khansa inabwerera itataya JAK1 kapena JAK2. Selo la khansa lopanda JAK silimva interferon-gamma, uthenga umene selo la T likutumiza, ndiye silionetsa mapuloteni ake poyera ndipo silileka kukula.

NamwinoWaUsiku
Ndipo muziwauza odwala zoona za ipilimumab ndi nivolumab pamodzi. Oposa theka amadwala nazo kwambiri: kutsegula m'mimba chifukwa matumbo atupa, chiwindi, chithokomiro, ena mpaka mapapo. Wina akayamba kutsegula kangapo patsiku asadikire tsiku la kiliniki, aimbe foni usiku womwewo. Timamupatsa ma steroid, ndipo nthawi zambiri chotupa chimapitirizabe kumvera.

Kadzidzi77
Nanga aja amatuluka mawanga oyera pakhungu?

Dr_Kachere
Vitiligo. Maselo a T akuukira ma melanocyte abwino, maselo opanga mtundu wa khungu, pamodzi ndi a khansa, popeza onse ali ndi mapuloteni ofanana monga tyrosinase ndi gp100. Pa melanoma, odwala otuluka mawanga amenewo kawirikawiri ndi amene mankhwala akuwagwira bwino, ndipo sitiimitsa mankhwala chifukwa cha iwo. Koma mawangawo nthawi zambiri sachoka, ndiye munthu wa khungu lakuda auzidwiretu asanayambe kulandira.